Mwala uwu unakumbidwa kuti? Kusankha miyala ndi kukonza guwa la m'nyumba m'Chipagani chamakono

Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti chipembedzo chawo ndi Pagan, ndipo ena 13,000 anati ndi a Wicca. Enanso ali ku America, ku Australia ndi ku South Africa. Pano tiwatchula Apagani, chifukwa mawu oti "akunja" amasokoneza: wina amamva munthu wosapemphera, wina amamva mlendo wochokera dziko lina. Awa ndi anthu amene anatsitsimutsa kupembedza milungu yakale ya ku Ulaya ndi kulemekeza chilengedwe. Wicca inaonekera poyera ku England m'zaka za m'ma 1950 kudzera mwa Gerald Gardner, lamulo lakale loletsa ufiti litachotsedwa mu 1951. Palinso a Druid, otsatira miyambo ya ansembe akale a ku Britain, ndi a Heathen amene amatsata milungu ya ku Scandinavia. Ambiri mwa iwo alibe nyumba yopemphereramo. Guwa lawo ndi katebulo kapena alumali m'chipinda chogona, ndipo masiku ano pamenepo sipasowa mwala wonyezimira.

Mwalawo ndi umene umavuta. Munthu wonena kuti nthaka ndi yopatulika angathe kuika paguwa pake rose quartz, mwala wa pinki, yemwe mwana wa zaka khumi anatulutsa m'dzenje lopanda mitengo yochirikiza. Dziwaninso kuti kudzaza guwa ndi miyala si mwambo wakale wa Wicca. Kunalowa kuchokera ku gulu la zauzimu lotchedwa New Age m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Guwa lopanda mwala wogula ndi lokwanira ndithu, choncho palibe chokuthamangitsani.

## Palibe chidindo choti muchikhulupirire

Dayamondi ili ndi ndondomeko ya Kimberley Process, yomwe inayamba mu 2003, ngakhale kuti iyonso imangoona ngati ndalama zake sizikulipira zigawenga. Golide wina amakhala ndi chizindikiro cha malonda achilungamo cha Fairtrade kapena Fairmined. Koma quartz, amethyst, labradorite, selenite ndi inzake ilibe bungwe la dziko lonse lolondola kumene yachokera. Kapepala konena kuti mwala "unakumbidwa mwachilungamo" kanalembedwa ndi wogulitsa yemweyo.

Ulendo wa mwala umayenda motere. Wokumba amagulitsa kwa venda wa m'mudzi pa kilogalamu. Vendayo amasonkhanitsa matumba kuchokera m'maenje osiyanasiyana n'kupita nawo m'tauni. Wotumiza kunja amathira zonse m'migolo n'kukweza pasitima kupita ku mafakitale osema miyala ku China, monga ku Donghai, kapena ku India, monga ku Jaipur ndi Khambhat. Yosemedwayo imakafika ku misika ikuluikulu ngati wa ku Tucson m'chigawo cha Arizona, womwe umachitika chakumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale, kenako m'sitolo kapena pa intaneti. Dzina la phiri limatayika pa thumba loyamba lija. Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian inalondola rose quartz mpaka ku midzi ya ku Madagascar, ndipo inapeza ana ali m'maenje, okumba akulandira ndalama zosakwana dola imodzi pa kilogalamu.

Chida chanu ndi pakamwa. Safunsa anadya phula. Musanalipire, funsani izi:

1. Mwalawu ndi wa dziko liti, dera liti, mgodi uti? "Wa ku Africa" si yankho. Yankho ndi "amethyst wa ku Mapatizya, kummwera kwa Zambia", kapena "wa ku Ametista do Sul ku Brazil", kapena "wa ku Artigas ku Uruguay".
2. Inu munaugula kwa ndani, ndipo unadutsa m'manja angati usanafike kwa inu? Manja awiri kapena atatu amalondoleka. Akapitirira asanu, zimene mungauzidwe ndi zongoganizira.
3. Wokumba analandira zingati pa kilogalamu? Amene amagula pamgodi penipeni amadziwa nambala imeneyi mosafufuza m'buku.
4. Unasemedwa kuti, ndipo anadula ndi madzi kapena pouma?
5. Unatenthedwa, kupakidwa utoto kapena kumatidwa chilichonse?

Funso lachinayi anthu amaliiwala, koma kumeneko ndi kumene ambiri amafera. Fumbi la quartz ndi agate likalowa m'mapapo silituluka. Limabala zipsera, matenda otchedwa silicosis, omwe alibe mankhwala ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Ku Khambhat, m'chigawo cha Gujarat, anola agate ambiri amwalira nawo atagwira ntchito pouma m'makonde a nyumba zawo. Mwala uliwonse wosemedwa ngati mtima, dzira, mpira kapena nsanja yosongoka unadutsa pa gudumu lonolera. Mwala wosasemedwa, monga unatulukira pansi, ulibe vuto limeneli, ndipo n'chifukwa chake timati yambani kufuna wotero.

Wogulitsa wonena kuti "uwu sindikudziwa kumene unachokera, koma uwo ndikudziwa" ndi wodalirika kuposa amene ali ndi nkhani yokoma ya mwala uliwonse. Zithunzi za ana akumwetulira pafupi ndi dzenje zisakusangalatseni. Funsani chomwe anawo akuchita pamenepo nthawi ya sukulu.

## Miyala yoti muisiye m'sitolo

Lapis lazuli wambiri amachokera ku Badakhshan, ku Afghanistan, ku migodi ya Sar-e-Sang yomwe yakhala ikukumbidwa kwa zaka zikwi zambiri. Mu 2016 bungwe la Global Witness linaulula kuti magulu a mfuti, kuphatikizapo a Taliban, ankapezapo ndalama zofika madola 20 miliyoni pachaka. Ngati wogulitsa sangasonyeze kuti wakeyo ndi wa ku Chile kapena ndi wakalekale, msiyeni. Sodalite amaoneka mofananako.

Jade wa ku Myanmar amachokera ku Hpakant, kumene mu Julayi 2020 mulu wa dothi lotayidwa ndi migodi unagumuka n'kupha anthu oposa 170 omwe ankatola zotsalira. Mica wa ku Jharkhand ndi Bihar ku India, ndi wa kummwera kwa Madagascar, amadziwika ndi kugwiritsa ntchito ana, chifukwa maenje ake ndi opapatiza ndipo manja aang'ono amasankha msanga. Malachite wambiri ndi wa dera la Katanga ku Congo, kumene kulondola dzenje n'kovuta kwambiri.

Izi sizitanthauza kuti muthawe okumba ang'onoang'ono onse n'kuthamangira makampani aakulu. Mu 2019 kampani ya Gemfields inalipira mapaundi 5.8 miliyoni pothetsa mlandu wa anthu 273 a ku Montepuez, ku Mozambique, omwe anadandaula za nkhanza pafupi ndi mgodi wa ruby, ngakhale kampaniyo sinavomere mlandu. Chipewa cholimba ndi yunifolomu sizitsimikiza chilungamo. Ndipo banja la ku Madagascar likasowa wogula, ana sabwerera kusukulu, amangogona ndi njala. Chofunika ndi kufupikitsa mzere wa manja kuti ndalama yochuluka itsale kwa wogwira piki.

## Kumene mungapeze mwala wodziwika kwawo

Wowerenga wa ku Malawi, kapena amene ali ku Leeds ndi ku Cape Town koma ali ndi abale kumudzi, ali ndi mwayi umene wogula wa ku London alibe: angathe kumufunsa wokumbayo m'chilankhulo chake. Phiri la Malosa ku Zomba limadziwika kwa osunga miyala padziko lonse chifukwa cha aegirine wakuda wosongoka ngati mikondo ndi quartz wautsi, ndipo mavenda amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Ku Mzimba kuli aquamarine ndi rose quartz. Ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kuli agate wa mtundu wa mtambo. Ku Chimwadzulu, ku Ntcheu, kuli ruby ndi sapphire.

Kukhala wa kwathu sikuyeretsa mwala. Funsani ngati wokumbayo kapena gulu lake ali ndi chiphaso cha boma, ngati dzenjelo silili m'nkhalango yotetezedwa, ngati amakwirira maenje akatha ntchito, chifukwa dzenje losiyidwa limadzaza madzi m'dzinja n'kumeza ana ndi mbuzi. Musanenerere mtengo mpaka fupa. Kutulutsa miyala m'dziko kumafuna chilolezo cha boma, ndipo malamulo ake amasintha, choncho musangoiponya m'chikwama popita kubwalo la ndege. Nthambi yoona za miyala ku Zomba ndi kumene mungakafunse ndi kukapimitsa.

Njira yachiwiri ndi kutola nokha. Nsangalabwi yoyera ya m'munda mwanu kawirikawiri ndi quartz yemweyo amene ali m'sitolo. Pemphani mwini malo, tengani umodzi kapena iwiri, ndipo musagwire chilichonse m'malo osungira nyama, kumanda, pa kachisi ngati wa Mbona ku Khulubvi, kapena m'mapanga a zojambula zakale ku Chongoni. Ku Britain, lamulo la Coast Protection Act la 1949 limapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa kuchotsa miyala m'mphepete mwa nyanja, ndipo wophwanya lamuloli angathe kulipitsidwa chindapusa. Ku America kuli migodi yomwe mumalipira pachipata n'kukumba nokha, monga ya quartz ku Mount Ida m'chigawo cha Arkansas ndi ya ku Herkimer m'chigawo cha New York.

Njira yachitatu ndi kugula yogwiritsidwapo kale ntchito: kwa osunga miyala akale, omwe amasunga kapepala ka dzina la mgodi, kapena m'masitolo a katundu wakale. Palinso quartz wokulitsidwa m'fakitale, m'matanki otentha ndi opanikizika, yemwe ndi chimodzimodzi ndi wa m'nthaka. Apagani ena amamukana, ena amamulandira. Chachikulu wogulitsa anene poyera.

## Kupima ngati ndi weniweni

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa wonama pa mtundu wa mwala sanganene zoona pa kumene unachokera, choncho kupima mwala ndi kupimanso mwini sitolo. Mufunika galasi lokulitsa kakhumi, kansalu koyera, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, chidutswa cha botolo, ulusi, kapu ya madzi ndi sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu.

Kulimba kumayezedwa pa muyezo wa Mohs, kuyambira 1 mpaka 10. Chikhadabo ndi 2.5, galasi ndi mpeni wamba ndi cha m'ma 5.5, quartz ndi 7. Quartz, amethyst ndi agate weniweni amakanda botolo, koma mpeni sungawakande. Yesani kumunsi kosaoneka. Pa galasi lokulitsa, timathovu tozungulira tampweya timasonyeza kuti ndi galasi losungunula. Opalite ndi goldstone ndi magalasi opangidwa ndi anthu, ngakhale amagona m'bokosi limodzi ndi miyala. Moldavite weniweni ndi wa ku Czech Republic ndipo ndi wosowa, wambiri wa pa intaneti ndi galasi lobiriwira lothiridwa m'chikombole, lonyezimira ngati lanyowa, zidutswa zingapo zofanana ndendende.

Nyowetsani kansalu ndi mankhwala a m'zikhadabo aja n'kupaka pangodya. Utoto ukatsala pansalu, mwalawo ndi wopakidwa. Umu ndi mmene mumagwirira howlite woyera wosandutsidwa turquoise, ndi agate wa mitundu yowala mopitirira, yomwe utoto wake umaunjikana m'ming'alu. Citrine wambiri ndi amethyst wowotchedwa mu uvuni pa madigiri cha m'ma 400 mpaka 500: nsonga zofiirira ngati shuga wopserera, tsinde loyera. Citrine wachilengedwe ndi wachikasu chofooka mwala wonse. "Hematite" wokakamira mwamphamvu pa chitsulo ndi wopangidwa m'fakitale.

Kulemera kumapimidwa chonchi. Yezani mwala wouma n'kulemba. Ikani kapu ya madzi pasikelo n'kubwezera pa ziro. Mangani mwala ndi ulusi, umizeni wonse osagunda pansi kapena m'mbali, lembani nambala. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Quartz amapereka 2.65, fluorite 3.18, malachite pakati pa 3.6 ndi 4.0, pamene malachite wabodza wa pulasitiki amatsika kutali. Njirayi siisiyanitsa bwino quartz ndi galasi chifukwa nambala zawo n'zoyandikana, ndipo musaiyese pa mwala wosafuna madzi.

## Kuyala guwa

Malo a masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi ndi okwanira. Tebulo lisagwedere, likhale kutali ndi makatani ndi neti yogonamo, pamwamba pake pasakhale alumali yotsika. Pukutani, yalani nsalu ya thonje yosalendewera kwambiri, chifukwa nsalu yolendewera ndi imene mwana ndi mphaka amakoka.

A Wicca ambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, monga ku Ulaya, amayala motsata mbali zinayi. Kum'mawa ndi mpweya: lubani kapena nthenga yotola. Kummwera ndi moto: kandulo. Kumadzulo ndi madzi: chikho. Kumpoto ndi nthaka: kambale ka mchere, mwala, kapena mbale yosalala yojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu. Pakati kapena kumbuyo amaika zoimira Mulungu wamkazi kumanzere ndi wamwamuna kumanja, kaya tizifaniziro kaya makandulo awiri. Pamakhalanso ndodo ndi mpeni wa chigwiriro chakuda wotchedwa athame, womwe sadulira chinthu chogwirika, amangolozera. Mpeniwo uzikhala pakhomo. Ku Britain kuyenda nawo pamsewu kumakupezetsani mafunso a apolisi. A Heathen amakhala ndi zochepa: chifaniziro cha Thor, Odin kapena Freyja, nyanga yomwera ndi mbale yothiramo chakumwa cha nsembe.

Amene ali kummwera kwa dziko lapansi asakopere buku la ku England osayang'ana kumwamba. Ku Johannesburg dzuwa la masana limadutsa chakumpoto chaka chonse, choncho Apagani ambiri a ku South Africa ndi Australia amaika moto kumpoto, nthaka kummwera, ndipo amazungulira bwalo motsutsana ndi mivi ya wotchi, mmene dzuwa limayendera kwa iwo. Ku Malawi ndi Zambia dzuwa limakhala chakumpoto miyezi yambiri, koma kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Febuluwale limapendekera kummwera. Sankhani kayalidwe kamodzi mukhale nako. Zikondwerero zisanu ndi zitatu za chaka nazo zimatembenuka: Samhain, yomwe ku Ulaya imakhala pa 31 Okutobala, kuno imagwera cha pa 1 Meyi, ndipo Yule, usiku wautali kwambiri, imagwera cha pa 21 Juni.

Miyala itatu kapena isanu ndi yokwanira. Ikachuluka imangosunga fumbi, ndipo mwini wake amaleka kuiona.

Pali nkhani imene wowerenga wa kuno sayenera kuinyozera. Zimene a Wicca amachita si zimene Mchewa amatcha ufiti, koma mnansi woona mpeni, kandulo ndi nyenyezi patebulo sadzadikira kuti mumufotokozere. Ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha mfiti, koma anthu amamenyedwabe ndi kuotcheredwa nyumba pa mphekesera chabe. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi kapena ndi achibale, pangani guwa la m'bokosi: kansalu, kandulo yaing'ono, kabotolo ka madzi, mwala umodzi. Mumayala pa mphindi ziwiri, mumatseka mukatha. Mafupa, zigaza ndi zikopa za nyama musayerekeze, ngakhale muzione pa zithunzi za Instagram.

## Zimene zimalakwika

Moto ndiwo woyamba. Dulani chingwe cha kandulo chitsale mamilimita 6, siyani masentimita 10 pakati pa makandulo, ndipo musayatse kupitirira maola anayi. Choikapo chikhale chadothi kapena chachitsulo. Makandulo ogulitsidwa atathiridwa maluwa ouma ndi timiyala pamwamba ndi oopsa: maluwawo amayaka ngati zingwe zina zowonjezera, botolo limatentha n'kusweka. Phula likayaka musathire madzi, limathovoka n'kumwaza moto. Vundikirani ndi chivindikiro cha poto. Khala la lubani likhale pa mchenga wakuya masentimita 5 m'mbale yosapsa, zenera lili lotsegula. Mpira wa galasi kapena wa quartz woonekera mkati umasonkhanitsa dzuwa ngati galasi lokulitsa, ndipo nyumba zapsapo nawo. Uvindikireni ndi nsalu yakuda nthawi zonse.

Pa zofukiza, zitsamba za white sage wa ku California zimazulidwa mwakuba m'tchire, ndipo eni mwambo wake, mafuko a eni nthaka a kumeneko, akhala akudandaula. Mitengo ya lubani ku Somaliland ndi Ethiopia ikufooka chifukwa chotemedwa mopitirira. Rosemary kapena lavender wa m'dimba lanu, woumitsidwa pamthunzi sabata ziwiri, amagwira ntchito yomweyo.

Chachiwiri ndi madzi ndi mchere. Ambiri "amatsuka" mwala watsopano pouviika m'madzi amchere usiku wonse. Quartz ndi agate amapirira. Selenite, yemwe kulimba kwake ndi 2 basi, amafumbutuka n'kutaya kuwala. Pyrite amachita dzimbiri, ndipo akayamba kuola amanunkha ngati sufule n'kudya nsalu. Mchere umalowa m'ming'alu, umauma n'kuikulitsa. Mwala wosakanda botolo musauviike. Upukuteni ndi kaburashi kofewa, ndipo ngati mwambo wanu ukufuna kuuyeretsa, udutsitseni mu utsi kapena muugoneke pazenera usiku wa mwezi wathunthu. Uchotseni m'mawa, chifukwa dzuwa limachotsa mtundu wa amethyst, rose quartz ndi fluorite pang'onopang'ono, ndipo mtunduwo subwerera. M'nyengo ya mvula mchere wa m'kambale umakoka chinyezi n'kudya athame ndi choikapo kandulo chamkuwa. Supuni imodzi ndi yokwanira, ndipo muzisintha sabata iliyonse.

Musamwe madzi oviikamo miyala. Malachite ndi azurite ali ndi mkuwa, galena ali ndi mtovu, cinnabar ali ndi mekyule, realgar ndi orpiment ali ndi poizoni wa arsenic. Sambani m'manja mukaigwira ndipo musaipale kapena kuiboola. Mwala si mankhwala. Mu 2001 Christopher French, wofufuza wa pa koleji ya Goldsmiths ku London, anapatsa anthu 80 miyala, ina yeniyeni ina yagalasi, ndipo magulu onse awiri anati akumva kutentha ndi kunyerenyesa mofanana. Paguwa mwala ndi chokumbutsa ndi chothandiza kuika maganizo pamodzi. Wodwala apite kuchipatala.

Nsembe ya chakudya isagone kuposa tsiku limodzi, apo ayi mwaitana nyerere, mphemvu ndi makoswe. Mkate, zipatso ndi mowa zikathiridwe pa dzala la manyowa. Phula, mabotolo ndi mchere musakwirire m'dimba kapena kuponya mumtsinje: mchere umapha mbewu, phula la parafini siliola. Timiyala tosalala tating'ono tikhale patali ndi mwana wokwawa, amatiyesa maswiti.

Miyala imene muli nayo kale, yomwe simudziwa kwawo, musaitaye. Kuitaya sikubwezera wokumba kanthu, ndipo mukagulanso ina m'malo mwake mwangokumbitsa dzenje lachiwiri. Isungeni, kapena mupatse mnzanu amene akanagula yatsopano. Pa uliwonse umene mudzapeze kuyambira lero, lembani kapepala ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi: dzina la mwala, dziko, dera kapena mgodi, kwa amene munaugula, chaka ndi mtengo. Pamene simunapeze yankho, lembani kuti "sizikudziwika". Kapepalako kazikhala pansi pa mwala kapena m'kabokosi kake, ndipo mwalawo ukamapita kwa munthu wina, uzipita nako.